Phunziro 18: Mwana Amene Sangathe Kunena Kuti Sakuona

Mau oyamba kwa aphunzitsi

Phunziro ili nla kalasi la achinyamata ndi la akuluakulu, koma makamaka nlanu inu aphunzitsi ndi makolo. Muliwerenge mofatsa pakati pa sabata, kuti pofika pamaso pa kalasi mukhale mutaliganizira bwino. Funso lake nlimodzi: kodi maso a mwana wolumala tiyenera kuwasamala monga timasamalira maso a mwana wina aliyense? Pakamwa tonse tidzayankha msanga kuti inde. Koma zochita zathu nthawi zambiri zimayankha kuti ai, ndipo nkofunika kuti tidziwe chifukwa chake.

1. Mnyamata wa pamphasa

Tiyerekeze kuti pamudzi panu pali mnyamata wa zaka 6. Adabadwa movutikira, ndipo adachedwa kulira. Kufikira lero sayenda, salankhula zomveka, ndipo manja ake ngolimba. Amai ake akamapita kudimba amamkhazika pamphasa pakhonde. Mukampatsa chidole sachilandira. Mukamsekerera sakusekererani. Nsima ikabwera, dzanja lake limagwera pambali pa mbale. Anthu a pamudzi adagwirizana kalekale kuti mutu wa mwanayu sugwira, ndipo palibe amene amafunsanso za iye.

Tsono taganizani. Bwanji ngati zina mwa zimenezi si za mutu koma za maso? Mwana amene sakuona nkhope yanu adzakusekererani bwanji? Amene sakuona mbale adzatapa bwanji ndiwo? Mwana wolankhula akadati, "Amai, sindikuona bwino," ndipo akadapita naye kuchipatala. Uyu sangathe kutero. Ndiponso iye sadziwa kuti anzake amaona mosiyana ndi iye, pakuti chibadwire dziko amaliona chomwecho.

Apa mpamene pali vuto lathu. Tikaona kulumala kumodzi koonekera, timaleka kuyang'ana. Chilichonse chimene mwanayo alephera timati nchifukwa cha kulumala komweko. Motero vuto la maso, limene mwina likadachiritsika, limabisala kumbuyo kwa vuto limene silichiritsika.

2. Zimene madokotala adapeza

Ambiri timaganiza kuti mwana amene walumala miyendo kapena makutu ndiye kuti maso ake ali bwino. Zoona zake nzakuti ana olumala amavutika maso kwambiri kuposa anzao. Diso ndi ubongo zimakulira pamodzi mwana akali m'mimba, ndipo chimene chavulaza chimodzi kawirikawiri chimakhudzanso chinzake. Tione magulu anai.

Loyamba ndi la ana onga mnyamata uja, amene madokotala amati ali ndi cerebral palsy. Ubongo wao udavulala akali aang'ono ndithu, kaya chifukwa cha kubadwa movutikira, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu cha khanda, matenda oumitsa khosi, kapena malungo ogwira ubongo. Ambiri mwa iwo diso limodzi limayang'ana kwina, ndipo ambiri amafunika magalasi. Enanso maso ao ngabwinobwino, koma mbali ya ubongo imene imamasulira zimene diso laona, imene ili chakunkhongo, ndiyo idavulala. Mwana wotere amatha kuona kapu imodzi yofiira ili payokha pansalu yakuda, koma osaiona ikakhala pakati pa ziwiya zambiri. M'mawa amaona, madzulo atatopa saona. Pamsika sawazindikira amai ake kufikira atalankhula. Anthu osadziwa amati akuchitira dala.

Lachiwiri ndi la ana a Down syndrome. Dokotala wa ku England, John Langdon Down, ndiye adafotokoza za ana otere mu 1866, ndipo mu 1959 ofufuza a ku Paris adapeza kuti m'maselo ao muli ma chromosome 47 m'malo mwa 46. Oposa theka la ana ameneva amakhala ndi vuto la maso. Dr Margaret Woodhouse ndi anzake a ku Cardiff adaonetsa kuti ambiri mwa iwo maso ao amalephera kuona bwino zinthu zapafupi, monga zilembo za m'buku, ndi kuti magalasi a magawo awiri, lapamwamba loonera patali ndi lapansi loonera pafupi, amawathandiza. Ndiye kuti mwana amene timati sangaphunzire kuwerenga, mwina zilembozo sanazione nkomwe.

Lachitatu ndi la ana osamva. Mu 1941 dokotala wa maso wa ku Sydney, Norman Gregg, adaona kuti makanda ambiri akubadwa ndi ng'ala, ndipo atafufuza adapeza kuti amai ao adadwala chikuku cha rubella mimba ikali yaing'ono. Nthenda yomweyo imaononganso makutu ndi mtima wa khanda. Katemera wa rubella adayamba kuperekedwa pamodzi ndi wa chikuku m'Malawi muno mu 2017. Kumbukirani kuti kwa mwana wosamva maso ndiwo makutu ake. Amamva poona milomo, nkhope ndi manja a womlankhula. Maso ake akayamba kufooka, khomo lokhalo limene lidatsala lotsekula limayamba kutsekeka.

Lachinai ndi la ana achialubino. Kalembera wa mu 2018 adawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Ambiri timadziwa kuti dzuwa limawaotcha, koma timaiwala kuti pafupifupi onse saona bwino chibadwire. Maso ao amagwedera, kuwala kumawathobwa, ndipo zolembedwa pabolodi saziona akakhala kumbuyo. Chialubino sichimfikitsa munthu posaoneratu, ndipo ambiri amawerenga bwino zilembo zikuluzikulu, kapena akaloledwa kuyandikiza buku kumaso. Kuyandikiza buku sikuononga maso ao. Komabe alipo ana otere amene amadzudzulidwa kuti ngaulesi, pamene chosowa chao ndi mpando wa kutsogolo basi.

3. M'mera mpoyamba

Wina anganene kuti, "Tidzaona akakula." Koma maso sadikira. M'zaka za m'ma 1960, David Hubel ndi Torsten Wiesel adayesa kutseka diso limodzi la ana a mphaka m'miyezi yao yoyamba. Atalitsekula adapeza kuti disolo lili bwino, koma mphakayo saona nalo, chifukwa ubongo sudaphunzire kuligwiritsa ntchito pa nthawi yake. Pa ntchito yao yofufuza za kuona adalandira mphotho ya Nobel mu 1981. Kwa anthu zilinso chimodzimodzi. Kuona kumaphunziridwa monga kulankhula, ndipo nthawi yophunzirira ndi zaka zoyamba za moyo, kufikira chapazaka 7 kapena 8. Khanda lobadwa ndi ng'ala lifunika opaleshoni m'miyezi yoyambirira. Likachedwa zaka zambiri, ng'alayo angaichotse, koma kuona sikungabwerere kwenikweni.

Winanso anganene kuti, "Nanga adzamuyeza bwanji, popeza salankhula ndipo zilembo sazidziwa?" Limeneli si vuto kwa odziwa ntchito yao. Woyeza maso ali ndi kachipangizo kounikira m'diso, ndipo poona m'mene kuwalako kukubwerera amadziwa mphamvu ya magalasi ofunika, mwana osanena kanthu. Mu 1976 dokotala wa ku Finland, Lea Hyvärinen, adakonza zithunzi zinai zoyezera ana osadziwa zilembo: nyumba, apulo, chozungulira ndi cha ngodya zinai. Mwana amangoloza chofanana ndi chimene wamuonetsa. Kuno kwathu maso amayezedwa kuzipatala za m'maboma, kuzipatala zazikulu za ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, kuchipatala cha maso cha ku Nkhoma, ndi ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene amachita maopaleshoni a maso a ana.

Tsono ngati vuto lilipo, ndipo njira yolipezera ilipo, nchiani chimatiletsa? Tiyeni tione maganizo atatu amene amakhala m'mitima mwathu, ngakhale sitiwatchula poyera.

4. Maganizo atatu otiletsa

Loyamba nlakuti mwanayu adalodzedwa, kapena makolo ake adalakwira mwambo, ndipo zotere sizipita kuchipatala. Ganizo limeneli nlakalekale. Pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona adafuna kudziwa amene adachimwa, koma Ambuye adakana kuti kusaonako kudadza ndi tchimo la iye kapena la makolo ake, nayamba kumthandiza. Onani kusiyana kwake. Wofunafuna wolakwa amayang'ana kumbuyo, ndipo mwana amatsala pamphasa pomwepo. Choipa china nchakuti pofuna kuchotsa tsokalo ena amathira madzi a zitsamba m'maso mwa mwana, ndipo mankhwala otere aononga maso ambiri amene akadapola.

Lachiwiri nlovuta koposa. Limati, "Mwanayu sadzapita patali ndi sukulu, sadzalembedwa ntchito, sadzalima. Magalasi adzampindulira chiani?" Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambiwu ngwabwino, koma tiufunse: nanga mwana amene sitidzadya naye, ngwa yani? Ngati timasamala mwana chifukwa cha zimene adzatibwezere, ndiye kuti tikuchita malonda, osati kulera. Ndiponso maso sadalengedwere mayeso a Sitandade 8 okha. Ngoonera nkhope ya amai, nkhuku zikudutsa pabwalo, moto kuti aupewe, ndi chakudya kuti adzidyere yekha. Agogo amene ali ndi ng'ala timapita nao ku opaleshoni, ngakhale sadzalembanso mayeso kapena kugwira khasu, ndipo palibe amene amati ndalamazo zatayika. Nchifukwa ninji tsono timafunsa phindu pa mwana wolumala yekha?

Tinenenso ichi. Munthu amene ali ndi zochepa, chochepa chimene wamuonjezera chimakhala chachikulu. Mwana woyenda ndi wolankhula ali ndi njira zambiri zofikira dziko. Amene sayenda, dziko limamfikira kudzera m'maso ndi m'makutu. Kwa iye magalasi ngofunika koposa, osati mochepera.

Lachitatu ndi umphawi, ndipo limeneli tisalipeputse. Ulendo wa kuchipatala ufuna ndalama ya minibasi ya anthu awiri. Mwana wa zaka 6 wosayenda ngwolemera kumbereka. Tsiku la kuchipatala ndi tsiku limene kumunda sikupita munthu, ndipo ana ena akufuna makope ndi ndiwo. Mai amene wasankha kugula ufa m'malo mopita kukayezetsa maso a mwana sitingamuweruze ngati wopanda chikondi. Kawirikawiri iye ndiye wasenza mwanayo yekha zaka zonsezi, pamene ife tikungodutsa. Koma umphawi wa banja limodzi suchotsa udindo. Umangousuntha kuchoka pa banjalo kufika pa ife tonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Timatha kusonkha pa maliro ndi pa ukwati tsiku limodzi lokha. Kodi amai a Chigwirizano, achinyamata ndi akulu a mpingo angalephere kusonkha ndalama ya ulendo umodzi, kapena kupeza munthu woperekeza?

5. Kodi kusachita kanthu nkulakwa?

Pa Levitiko 19:14 pali lamulo loletsa kutukwana munthu wosamva ndi kutchera wosaona chinthu choti chimgwetse. Taonani chimene anthu awiriwa afanana. Wosamva sadzamva kuti watukwanidwa. Wosaona sadzadziwa amene wamtchera. Onse awiri sangathe kukasuma kwa mfumu. Ndiye kuti lamuloli likuyesa chimene munthu amachita pamene wolakwiridwayo sangathe kumgwira.

Wina adzati, "Ine sindidatcherepo munthu mwala." Nzoona, ndipo pali kusiyana pakati pa woika mwala panjira ndi woupeza uli pomwepo. Koma munthu amene wauona mwalawo, akudziwa kuti wosaona akubwera, ndipo akadatha kuuchotsa ndi phazi, sangadzitche wosalakwa. Palinso kusiyana pakati pa kusadziwa ndi kusafuna kudziwa. Agogo athu sadadziwe za rubella kapena za mbali ya ubongo yoonera, ndipo sitingawaimbe mlandu. Ife tamva tsopano. Mphunzitsi amene amakhazika mwana wachialubino kumbuyo atamva zimenezi, kapena kholo limene laona choyera m'diso la khanda nkumati tidzaona chaka cha mawa, lausiya mwala panjira.

Chilungamo chathu nthawi zambiri chimathamangira wofuula. Kusukulu, kuchipatala, ngakhale pakhomo, amene amadandaula kwambiri ndiye amathandizidwa msanga. Mwana amene sangathe kudandaula amatsala m'mbuyo, popanda ndi mmodzi yemwe womuda. Nchifukwa chake kumkonda kokha sikukwanira. Pafunika munthu woti amuonere, namnenera.

6. Kuona maso a nkhono nkudekha

Simufunika kukhala dokotala kuti muzindikire vuto. Mufunika kudekha. Khalani pansi pafupi ndi mwanayo pamalo opanda phokoso, ndipo muyang'ane zinthu izi.

Kodi khanda la miyezi 3 limayang'ana nkhope ya amai ake ndi kuitsata ndi maso? Kodi pakati pa diso, pamene payenera kukhala pakuda, pakuoneka poyera? Chimenechi chingakhale ng'ala kapena khansa ya m'diso, ndipo mwana apite kuchipatala sabata lomwelo. Kodi diso limodzi limayang'ana kwina mwana atapitirira miyezi 6? Kodi maso amagwedera, kapena amatuluka misozi nthawi zonse? Kodi amapendeketsa mutu poyang'ana, amatsinzina padzuwa, kapena amapunthwa kukangoyamba mdima? Yesaninso kumuonetsa chinthu chowala osapanga phokoso, pakuti ana ambiri osaona bwino amatsata mau, ndipo ife timayesa akuona. Ngakhale simupeza chizindikiro chilichonse, mwana aliyense wa m'magulu anai aja ayenera kuyezedwa maso.

Kupunthwa madzulo kawirikawiri ndi chizindikiro cha kuchepa kwa vitamini A, ndipo ana ovutika kutafuna ndi kumeza ndiwo ali pangozi kwambiri. Apatseni maungu, mapapaya, mango, mbatata yofiira m'kati, mazira, ndi masamba monga bonongwe ndi nkhwani, zophikidwa mofewa ndi nsinjiro kapena mafuta pang'ono. Musawabise m'nyumba pa tsiku la sikelo, pakuti kumeneko nkumene ana a miyezi 6 kufikira zaka 5 amalandira vitamini A ndi katemera.

M'kalasi mwanu, mwana wosaona bwino akhale kutsogolo, kuwala kwa pazenera kukhale kumbuyo kwake. Lembani zilembo zikuluzikulu, ndipo muzinena mokweza zimene mukulemba. Chithunzi musangochikweza m'mwamba, mpatseni achigwire. Pomlankhula yambani ndi kutchula dzina lake ndi lanu. Wachialubino mloleni avale chipewa chake. Mwana akalandira magalasi, musalole kuti anzake amseke, pakuti magalasi ambiri amathera m'thumba chifukwa cha chipongwe.

7. Pamene maso sachira

Tisalonjeze zimene sitingathe. Magalasi sadzamuyendetsa mnyamata uja, ndipo alipo ana amene dokotala adzati palibe chimene angachite pa maso ao. Ulendo wotere sunapite pachabe. Makolo akadziwa kuti mwana saona, amaleka kumkalipira, nayamba kumphunzitsa ndi mau ndi manja. Louis Braille wa ku France adavulala diso ali ndi zaka 3, pambuyo pake nasiya kuona, koma mu 1824, ali ndi zaka 15, adakonza zilembo za timadontho 6 zimene osaona amawerenga ndi zala kufikira lero. Ku Chilanga m'boma la Kasungu kuli sukulu ya ana osaona, ndipo ku Montfort, ku Nguludi, amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera.

Tisamalenso kuti tisagwe m'dzenje lina, loganiza kuti mwana woona ngwamtengo wapatali kuposa wosaona. Sitisamala maso a mwana kuti akhale munthu. Timawasamala chifukwa ndi munthu kale. Amene adzaona ndi amene sadzaona, onse awiri ayenera chinthu chimodzi kwa ife: kuti tisatseke nkhani yao tisanawayang'anitsitse.

Mnyamata uja akali pamphasa, ndipo chaka cha mawa adzakhala ndi zaka 7. Sadzabwera kudzatipempha. Ngati maso ake adzayezedwe, nchifukwa chakuti wina wa ife adapatuka panjira, nakhala naye pansi, nafunsa amai ake mwaulemu kuti, "Kodi mwanayu adamuyezapo maso?"

Mafunso okambirana

1. Nchifukwa ninji vuto la maso limabisika mwa mwana amene ali ndi kulumala kwina?
2. Mungamuyankhe bwanji munthu amene akuti kugulira magalasi mwana wosapita kusukulu nkutaya ndalama?
3. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kusadziwa ndi kusafuna kudziwa? Perekani chitsanzo.
4. Banja likalephera kupita ndi mwana kuchipatala chifukwa cha umphawi, udindo ngwa yani?

Ntchito ya sabata ino

Aliyense aganizire mwana mmodzi wolumala wa m'mudzi mwake, makamaka amene sabwera ku Sande Sukulu. Mukacheze ndi makolo ake, osati mowaweruza koma mofuna kumva. Ngati mwanayo sanayezedwepo maso, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu za tsiku ndi malo oyezera. Sabata la mawa mudzafotokozere kalasi chimene chikufunika kuti ulendowo utheke, osatchula dzina la mwanayo pokhapokha makolo ake atalola.